Phunziro: Kuwerenga chigubu cha oyilo wa chigayo

M'mwezi wa June kuno ku Lobi kumazizira mpaka zala kuuma. Tengani botolo la uchi m'mawa wotere, mulipendeketse. Uchiwo umatsika mozengereza. Liikeni padzuwa kufikira masana, mudzauona ukuyenderera ngati madzi. Oyilo wa mu injini amachitanso chimodzimodzi. Kukazizira amalimba, akatentha amapyapyala. N'chifukwa chake mnyamata wa pachigayo amatuluka thukuta popukusa handulo m'mawa wa chisanu, pamene masana injini yomweyo imalira atangopukusa pang'ono.

Mkati mwa injini ya dizilo muli zitsulo zimene zimakhulana osapuma. Injini zambiri za silinda imodzi zochokera ku China, zimene timaziona m'zigayo, zimazungulira maulendo pafupifupi 2,000 pa mphindi imodzi. Oyilo amalowa pakati pa zitsulozo kuti china chisadye chinzake. Amachotsanso kutentha, ndipo amanyamula mwaye wotsala dizilo akapsa. Oyilo akalimba kwambiri amachedwa kufika kumene akufunika, ndiye zitsulo zimayamba ntchito zili zouma. Akapyapyala kwambiri amathawa pakati pa zitsulozo. Njira zonse ziwirizi mapeto ake ndi mawu amene mwini chigayo aliyense amawaopa: injini yanoka.

Tsopano tiyeni tiwerenge chigubu. Pa zigubu zambiri za oyilo wa dizilo pamalembedwa motere: SAE 15W-40. Werengani mokweza. SAE ndi dzina la bungwe la akatswiri a injini la ku America limene linakonza manambalawa, ndipo amagwira ntchito padziko lonse. Chilembo cha W chikuimira nyengo ya chisanu. Nambala imene ili kumanzere kwa W ikutiuza mmene oyiloyo amayendera kukazizira. Ikachepa, ndiye kuti oyiloyo amayenda msanga m'mawa. Oyilo wa 15W amayesedwa m'kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro, kuzizira kumene ngakhale pamwamba pa phiri la Dedza sikufika. Nambala ya kumanja, 40, ikutiuza kulimba kwa oyiloyo injini ikatentha. Amayeza pa madigiri 100, kutentha kumene madzi amabwadamuka.

Pali zigubu zina zolembedwa SAE 40 basi, popanda W. Oyilo ameneyu ndi wa nyengo imodzi. Kumalo otentha ngati ku Nsanje kapena ku Salima amagwira ntchito bwino. Kuno kumapiri, m'miyezi ya June ndi July, amadzuka mochedwa ngati uchi uja, ndipo injini imadyeka kwambiri pa nthawi yoilizayo. Ine ndikanakhala ndi chigayo ku Lobi ndikanagula 15W-40, pokhapokha buku la injiniyo litanena zina. Buku limene linabwera ndi injini ndiye mkulu wa nkhani. Ngati linatayika, funsani kumene munagula injiniyo.

Ena injini ikakalamba n'kuyamba kufuka utsi wabuluu, amathiramo 20W-50, amene ndi wolimba kwambiri. Utsi umachepadi kwa kanthawi, koma maring'i otha sabwerera mwakale. Kuli ngati kumata matope pa mng'alu wa mtsuko. Ndipo oyilo wa giya, wolembedwa 90 uja, asalowe mu injini ngakhale tsiku limodzi.

Tembenuzani chigubu. Kumbuyo kapena m'munsi mupeza zilembo zitatu, API, motsatana ndi zilembo zina monga CH-4 kapena CI-4. Yang'anani chilembo choyamba. C ndi wa injini ya dizilo. S ndi wa injini ya petulo. Zigubu zina zili ndi zonse ziwiri, ndipo zimenezo zilibe vuto, bola C akhalepo. Chilembo chachiwiri chimayenda monga mmene tinaphunzirira alifabeti: I amabwera pambuyo pa H, choncho CI-4, amene anayamba mu 2002, ndi watsopano kuposa CH-4 wa mu 1998. Oyilo wa C ali ndi mankhwala ambiri ogwira mwaye, pakuti dizilo amatulutsa mwaye wochuluka kuposa petulo.

Apa m'pamene kudziwa kuwerenga kumapulumutsa ndalama. Oyilo wa m'mabotolo a zakumwa, wogulitsa pambali pa msewu, alibe nambala, alibe chilembo. Wogulitsa adzati, "Ndi wabwino uyu, bambo, tamugwireni mumve kulemera kwake." Chala sichingadziwe ngati oyiloyo ndi watsopano kapena ndi wakale wongosefa. Gulani chigubu chomata bwino, ndipo chitsekerero muchithyole nokha.

Nanga oyilo asinthidwe liti? Anthu ambiri amasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kuona mtundu. Akaona kuda amati watha. Koma oyilo wa dizilo amada patangopita masiku ochepa, chifukwa akugwira ntchito yake yonyamula mwaye. Kuda kokha sikunena kanthu. Ena, podziwa zimenezi, amangowonjezera oyilo akatsika, chaka n'kutha osakhutula wakale. Kumeneko ndi kuthira madzi oyera mu mtsuko wosatsuka. Mwaye umachulukirabe, mankhwala aja amatha mphamvu, pansi pa injini pamadzaza nsenga zakuda.

Galimoto imawerenga makilomita. Pikapu yakale ya dizilo yonyamula kachewere ndi kabichi kupita ku Lilongwe, yolemedwa ndiponso yoyenda m'fumbi, amakaniko ambiri amaisintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse. Chigayo sichiyenda, choncho timawerenga maola. Mabuku a injini zazing'ono za silinda imodzi kawirikawiri amanena maola 100. A injini zokulirapo zokhala ndi fyuluta, monga za thirakitala ndi jenereta, ambiri amanena maola 250. Injini yatsopano imafuna kusintha koyamba msanga, isanapitirire maola 50, chifukwa zitsulo zatsopano zimayoyola tizidutswa pamene zikuzolowerana.

M'chigayo muli mdani wina: fumbi la ufa ndi gaga. Injini imapuma mpweya womwewo umene umayeretsa nsidze za mnyamata wogayitsa. Fumbi likadutsa pa sefa ya mpweya limakathera mu oyilo. Tsukani sefayo kawirikawiri, ndipo ngati kungatheke, injini ikhale kuseri kwa khoma, kosiyana ndi kumene kukutulukira ufa. Kumalo a fumbi ndi bwino kusintha oyilo maola a m'buku asanakwane.

Maola sasungika m'mutu. Pa nthawi yokolola chigayo chimalira kuyambira m'mawa mpaka kuda, pamene mu January ndi February chimatha tsiku chikudikira ndowa ziwiri. Pachikani kope pa msomali pafupi ndi injini. Tsiku lililonse lembani deti ndi maola amene injini yalira. Ngakhale maola asakwane, oyilo asagonemo kupitirira chaka.

Posintha, lizani injini pang'ono kuti oyilo afunde, muizimitse, mumasule bawuti ya pansi. Wakale atuluke yense. Sinthani fyuluta, kapena tsukani kasefa ngati injini yanu ili ndi kasefa chabe. Thirani watsopano mpaka afike pakati pa mizere iwiri ya pa kachitsulo kaja, osapitirira mzere wa pamwamba. Poyeza m'mawa uliwonse, yang'anani zinthu ziwiri. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Akamakwera yekha n'kumanunkha dizilo, mafuta akudonthera mkati. Musailize injiniyo, itanani makaniko.

Oyilo wakale musamutaye m'ngalande yopita kudimba kapena kumtsinje, pakuti amapha nthaka ndi madzi. Musapake pa zilonda za ziweto. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, ndipo musambe m'manja ndi sopo.

Tengani makope anu. Chigayo china chimalira maola 6 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Buku lake likuti oyilo asinthidwe pa maola 100. Chathiridwa oyilo watsopano Lolemba m'mawa. Pa sabata imodzi chilira maola angati? Nanga maola 100 akwana pa tsiku liti la sabata yachitatu?