Galu Sasankhidwa ndi Maso Okha

Ana anga, masiku ano wachinyamata akangoyamba ntchito n'kupeza nyumba ya mpanda, chotsatira chimene amaganiza ndi galu. Ndipo galu wake asakhale wamba, akhale wa haibulidi, uja amamuona pa Facebook, wamutu waukulu ndi chifuwa chotambalala, woti anzake akabwera agwire pakamwa. Ine ndaweta agalu kuyambira ubwana, ndipo ndaona agalu abwino akuonongeka m'manja mwa anthu abwino, chifukwa choti moyo wa galuyo ndi moyo wa mwini wake sizinkagwirizana. Tcherani khutu, pakuti galu wamkota sakandira pachabe.

Choyamba dziwani kuti mtundu uliwonse wa galu unawetedwera ntchito inayake, ndipo ntchitoyo imatsalira m'magazi ngakhale galuyo abadwire ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Musanafunse mtengo, funsani kuti makolo a galu ameneyu ankagwira ntchito yanji.

German Shepherd, amene ambiri timangoti galu wa apolisi, anakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi Max von Stephanitz, kuchokera kwa agalu oweta nkhosa. Galu wotere ankakhala kubusa tsiku lathunthu, khutu lili kwa mbusa. N'chifukwa chake amagwira msanga zimene waphunzitsidwa ndipo amakakamira mwini wake. Koma nzeru zomwezo zikasowa chochita zimabala mavuto: kuuwa usiku wonse, kutafuna mapaipi a madzi, kuzungulirazungulira pamalo amodzi. Ambiri a mtunduwu amavutikanso m'chiuno akamakula, makamaka amene makolo awo anakweretsedwa mosasankha. Ngati mumachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, galu ameneyu mudzangomuzunza.

Rottweiler anatenga dzina ku tauni ya Rottweil, komweko ku Germany, kumene ankakusa ng'ombe kupita nazo kumsika ndi kukoka ngolo za ogulitsa nyama. Ndi galu wodekha, wodzidalira, wosachita phuma ndi alendo. Amafuna mwini wokhazikika, amene lamulo lake la lero ndi lomwelo la mawa. Boerboel naye anawetedwa m'mafamu a ku South Africa kuti azilondera khomo, ndipo wamwamuna wamkulu amaposa makilogalamu 60. Apa dzifunseni moona mtima kuti masana pakhomo panu pamatsala ndani. Nthawi zambiri amakhala agogo, ana ndi wantchito. Kodi geti likatseguka mwangozi, mwana wa aneba n'kulowa kudzatola mpira, alipo mwa amenewa amene angamuitane galuyo n'kumvera, kapena kumugwira pachingwe osakokedwa? Ngati palibe, mtundu umenewu usiyeni. Za pit bull zimene anyamata ambiri akuzithamangira, dziwani kuti ku Britain lamulo la 1991 linaletsa kuweta agalu amenewa mwachisawawa. Galu wamphamvu chotero akalakwitsa kamodzi, mlandu wake umakhala wa maliro.

Rhodesian Ridgeback ndi wa konkuno kum'mwera kwa Africa. Muyezo wa mtunduwu unalembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo mumamudziwa ndi mzere wa ubweya wotembenukira kumutu umene uli pamsana pake. Alenje ankapita naye kokasaka mikango, ntchito yake ili yotsekereza chilombo mpaka mlenje afike. Amapirira kutentha, sauwa chisawawa, koma amafuna malo othamangamo. Kapuloti kakang'ono ka m'tauni sikamukwanira.

Musanyengedwenso ndi kuchepa kwa thupi. Jack Russell anawetedwa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndi m'busa wa tchalitchi, John Russell, kuti azilowa kuuna n'kutulutsa nkhandwe. Kagalu kameneka kadzakutherani makoswe ndipo kadzakudzutsani munthu akangogwira geti, koma kadzafukulanso maluwa a amayi, ndipo nkhuku za aneba zidzakutengerani kwa amfumu. Labrador anachokera kwa agalu amene ankathandiza asodzi a ku Newfoundland. Ndi wofatsa, woleza mtima ndi ana, wokonda kudya mopitirira, koma ulonda si ntchito yake, pakuti mlendo aliyense amamulandira ndi mchira.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Husky. Maso ake a buluu ndiwo amakopa anthu, koma galu ameneyu anawetedwa ndi anthu a mtundu wa Chukchi ku Siberia kuti azikoka katundu mitunda italiitali kumalo oundana ndi chisanu. Ubweya wake ndi wosanjikiza pawiri. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili panja. Ndiye taganizani Husky ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Kuonjezera apo salondera, ndipo akapeza mpata pampanda amayamba ulendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano ndikuuzeni za galu amene mumamudutsa tsiku lililonse osamuyang'ana kawiri, galu wachikuda. Wathupi lowonda bwino, waubweya waufupi, wamakutu atcheru, mchira wopindikira m'mwamba. Makolo athu ankapita naye ku uzimba, ankalondera naye minda kuti anyani ndi nguluwe zisathe chimanga, ndipo usiku fisi akayandikira khola la mbuzi ndiye ankadzutsa mudzi. Palibe munthu anamusankhira maonekedwe. Anasankhidwa ndi dzuwa lathu, nkhupakupa zathu ndi chakudya chathu, kotero kuti amene anapulumuka n'kubereka ndi olimba okhaokha. Ku South Africa agalu otere amawatcha Africanis, ndipo kuli anthu amene amawateteza ngati chuma cha dziko. Kuno timamugenda miyala, kenako n'kumati ndi wamantha ndi wakuba. Tamutengani ali mwana, mumudyetse mokwanira, mumubayitse katemera, muzimulankhula, mudzaona. Amadziwa malire a khomo popanda womuphunzitsa, amasiyanitsa wachibale ndi mlendo, amakhala bwino ndi ziweto zimene wakula nazo, ndipo sadwaladwala. Kwa wachinyamata amene akuweta galu koyamba, ndalama zake zili zowerengeka, sindidziwa galu womuyenera kuposa ameneyu.

Komabe mtundu si zonse. Mu 2022 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa agalu oposa 18,000, ndipo anapeza kuti mtundu umafotokoza magawo 9 okha pa 100 alionse a kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu. Mtundu umakuuzani kukula, mphamvu, ubweya ndi kumene mtima wa galuyo umapendekera. Zotsalazo zimachokera kwa makolo ake enieni ndi kaleredwe. M'mera mpoyamba. Kuyambira milungu 3 mpaka pafupifupi 14, mwana wa galu amaphunzira chimene chili choopsa ndi chimene sichili choopsa. Amene m'masiku amenewa wagwiridwa ndi ana, wamva kulira kwa njinga yamoto, waona nkhuku, agogo a ndodo ndi mlendo wa chipewa, amakula wokhazikika. Amene wakulira m'chikatoni kuseri kwa nyumba amakula akuopa chilichonse, ndipo galu wamantha ndiye amaluma.

Choncho pokatenga kagalu, pitani kumene kanabadwira ndipo mukaone make. Imani chapatali muone mmene akukulandirirani. Akauwa pang'ono, mwini wake n'kumulankhula, iye n'kubwera kudzakununkhizani thupi lili lomasuka, ndi chizindikiro chabwino. Akathawira kuseri mchira uli pakati pa miyendo, kapena akamalumphira tcheni mano ali pamtunda osamva mawu a mwini wake, bwererani. Kenako khalani chonjuta pakati pa tianato, muombe m'manja pang'ono. Musatenge kamene kabisala pakona kakunjenjemera, ngakhale kakumvetseni chisoni, ndiponso musathamangire kamene kakupondereza anzake onse. Tengani kamene kadzidzimuka, kenako n'kubwera kudzaona kuti chachitika n'chiyani. Tsegulani pakamwa muone nkhama ngati zili zofiirira bwino, pakuti zoyera zimasonyeza kuchepa kwa magazi. Maso akhale opanda manthongo, mimba isakhale yotupa, kumchira kukhale kouma. Ndipo kasachoke kwa make kasanakwane milungu 8.

Tiagalu ta m'mbali mwa msewu, timene anyamata amatinyamula m'mwamba kuti a pagalimoto aone, musagule. Simudziwa make, simudziwa bambo wake, ndipo dzina la mtundu limene akukuuzani ndi lija akuona kuti mukulifuna. Tambiri timachotsedwa kubere tisanakhwime, timakhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi, ndipo tikafika pakhomo timayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi chifukwa cha matenda a parvo. Mukagula kamodzi pomva chisoni, mawa pamalo pomwepo pabwera tina tiwiri. Ngati mukufuna kupulumutsa galu, ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limasunga agalu osowa kwawo, ndipo kumeneko angakuuzeni khalidwe la galu aliyense musanamutenge.

Pali chizolowezi china chimene ndikupemphani kuti chithere kwa ife akuluakulu, chisafike kwa inu. Anthu amati kuti galu akhale wolusa, azitsekeredwa m'kakhola ka mdima masana onse, asamaone anthu, azidyetsedwa tsabola kapena chamba, azimenyedwa. Ndaonapo galu woleredwa chotero. Pansi pozungulira mtengo wake panali patakumbika ndi mapazi, khosi lili lothothoka ubweya chifukwa cha tcheni, mbale ya madzi itagubuduka kalekale. Mwana akadutsa, iye ankadziponya kutsogolo mpaka tcheni kumubweza chagada. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa m'nyumba, chifukwa onse sawadziwa. Tsiku limene tcheni lidzaduke, wolumidwa kawirikawiri amakhala wa pakhomo pomwepo kapena mwana wa aneba. Mlonda weniweni ndi galu amene amadziwa bwino anthu ake, amene amagona wokhuta, ndipo amaona msanga chachilendo chifukwa zozolowereka akuzidziwa. Ntchito yake yaikulu ndi kukudzutsani.

Muwerengerenso ndalama. Mtengo wogulira ndi wochepa poyerekeza ndi zotsatira zake. Galu wamkulu ngati Boerboel amatha thumba la chakudya cha m'sitolo la makilogalamu 20 pa mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ngati mukumuphikira nokha, nsima ya mgaiwa yokha siyikwanira, pamafunika usipa kapena bonya, zam'kati za nyama ndi masamba. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo, anyezi amaononga magazi, ndipo chokoleti ndi poizoni kwa galu. Pali mankhwala a njoka za m'mimba, a utitiri ndi a nkhupakupa, zimene zimabweretsa matenda otha kupha galu m'masiku ochepa. Ngati simukufuna ana, pitani naye kwa dokotala wa ziweto amufule kapena amutseke. Galu wamkazi amatha kubereka kawiri pachaka, ndipo bere lake ndi la masiku pafupifupi 63 okha.

Pa zonsezi, katemera wa chiwewe ndiye wosakambirana. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira kulibe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, chifukwa agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Galu wanu akhale m'gulu la obayidwawo, ndipo khadi lake mulisunge pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndanena zambiri zolemetsa chifukwa chimene mudzalandire n'chachikulu. Galu woleredwa bwino amadziwa mapazi anu musanafike pageti. Tsiku limene ntchito yatha kapena maliro agwa, amabwera kudzagona pafupi nanu osafunsa kanthu. Amakutulutsani m'nyumba m'mawa kuti muyende, ndipo mwana amene wakula akumuthirira madzi ndi kumuchotsa nkhupakupa amaphunzira kusamala chamoyo chimene sichingadandaule ndi mawu. Koma ubwenzi umenewu ndi wa zaka 10 mpaka 15. M'zaka zimenezo mudzakwatira kapena kukwatiwa, mudzasamuka, mwina mudzapeza landilodi wosafuna agalu, mwina mudzapita ku Johannesburg kukafuna ganyu. Galu sadziwa chifukwa chimene mwamusiyira, amangodikira pageti.

Choncho musanapereke ndalama, yankhani mafunso awa pamaso pa a m'banja mwanu: Malo anga ndi aakulu bwanji? Kwathu kumatentha motani? Ndani adzayenda naye tsiku lililonse? Mwezi wovuta adzadya chiyani? Ndikachoka adzatsala ndi yani? Mayankho akakhala olimba, sankhani mtundu wogwirizana nawo, ngakhale ukhale wosatchuka pakati pa anzanu. Akakhala ogwedera, dikirani chaka china. Agalu sadzatha, ndipo kudikira kwanu kudzapulumutsa galu mmodzi ku tcheni.