Malangizo kwa Oyendetsa Galimoto: Petulo wa 93 Kapena 95?

Inu a ku South Africa, pothira mafuta amakufunsani kuti, "93 kapena 95?" Musathamangire 95 wodulayo poganiza kuti ngwamphamvu. Nambalayi imangosonyeza mmene petulo amapirira kupanikizidwa mu injini. Akayaka nthawi isanakwane, injini imagogoda, makamaka pokwera chitunda mutanyamula katundu.

Tsegulani kachitseko ka thanki. Kawirikawiri nambala yoyenera imalembedwa mkatimo, apo ayi onani m'buku la galimoto. Yofuna 93 mukaithira 95 siwonongeka, mwangotaya ndalama. Ku Johannesburg nkokwera, mpweya ngopepuka, choncho galimoto wamba zambiri zimayenda bwinobwino ndi 93. Ya turbo yokha musaiyese dala, ipatseni 95. Mukatsikira kunyanja ku Durban, kumeneko mupeza 95 basi.