Phunziro 17: Madokotala a Mitengo

Mau oti tiwerenge pamodzi

nthambi, thunthu, khungwa, khosi, bala, chingwe

kha khe khi kho khu
ntha nthe nthi ntho nthu

Tiwerenge

Anzanga alimi, pakhomo pathu ambirife pali mtengo wa mango. Umatipatsa zipatso ndi mthunzi. Koma chaka ndi chaka mtengo ukukula, ndipo tsiku lina nthambi imafika pa denga kapena kulendewera pa njira. Apo munthu amatenga chikwanje, nkukwera, nkuyamba kutema. Nthambi ija imathyoka isanaduke, nkusenda khungwa mpaka pansi. Nthawi zina munthuyo amagwa nayo pamodzi. Patapita zaka zingapo mtengo uja umapezeka uli ndi mphako, chiswe chalowa, zipatso zachepa.

Kuli anthu amene nchito yawo ndi yomweyi basi: kukwera mitengo, kuisadza, kuichotsa nthambi zodwala, ndi kugwetsa imene yafika poopsa. Ku Britain ndi maiko ena amawatcha madokotala a mitengo, ndipo amachita kuphunzira nchitoyi mpaka kulandira chikalata. M'mizinda yathu ngati Maputo ndi Beira mulinso anthu osadza mitengo ya m'misewu ndi ya pafupi ndi mawaya a magetsi. Ife sitikhala madokotala a mitengo, koma nzeru zawo zingatipulumutsire mtengo, denga, ngakhale moyo.

Tsiku lawo limayambira pansi

Dokotala wa mitengo akafika sathamangira kukwera ayi. Amayamba wauzungulira mtengo. Amayang'ana pa tsinde ngati pamera bowa, chifukwa bowa pa tsinde ndiye kuti mkati kapena ku mizu kukuola. Amagogoda thunthu: likalira ngati ng'oma, mkati muli mphako. Amayang'ana mphanda ngati zang'aluka. Amayang'ana nthambi zouma zimene zingagwe zokha. Amafufuza njuchi, mavu ndi njoka. Potsiriza amaona chimene chili pansi: nyumba, nkhokwe, khola, njira ya ana a sukulu, mawaya.

Akatha apo amapangana ndi anzake. Nchito iyi sagwira munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Wina amakhala m'mwamba, wina pansi. Wapansi amagwira chingwe chotsitsira nthambi, amathamangitsa ana ndi ziweto, ndipo wam'mwamba akavulala ndiye amene amamutsitsa. Nchifukwa chake kumene amaphunzitsa nchitoyi amaphunzitsanso kukwera kukatsitsa mnzako wovulala.

Zida zawo

Chida choyamba ndi chingwe cholimba pamodzi ndi lamba wovala m'chiuno ndi m'ntchafu. Wokwera amaponya chingwe pa mphanda yolimba ya pamwamba, nkudzimangirira. Akafuna kucheka amadzimangiranso kachingwe kachiwiri, kuti china chikadulidwa mwangozi china chimugwire. Nthambi zolemera zili ndi chingwe chake chapadera. Chingwe chogwira munthu satsitsira mtengo.

Chida chachiwiri ndi sowo ya m'manja, yopindika pang'ono, imene imadya mtengo poikoka. Nthambi zambiri amachekera yomweyi. Zing'onozing'ono amadula ndi sizasi yodulira mitengo, ndipo zakutali amazifikira ndi sowo yomangidwa pa ndodo yaitali.

Chida chachitatu ndi makina ochekera, aja ambiri amati motosera. Munthu wa ku Germany dzina lake Andreas Stihl anapanga oyendera magetsi mu 1926, ndipo oyendera petulo mu 1929. Oyambirirawo anali olemera moti ankawagwira anthu awiri. Lero alipo ang'ono okwera nawo mumtengo, aliponso ena oyendera batire. Tcheni chake chimathamanga mamita ngati 20 pa sekondi imodzi. Nsonga yake ikagunda mtengo mosayembekezera, makina amabwerera mwamphamvu kuloza kumaso kwa wocheka. Ichi ndiye chimavulaza ambiri. Tcheni chobuntha ndi choopsa koposa, chifukwa munthu amakankha ndi mphamvu mpaka kutopa. Nchifukwa chake amachinola ndi tupa kangapo pa tsiku.

Pali zovalanso: chisoti cholimba, magalasi otchinga utuchi, zotseka m'makutu, magolovesi ndi jombo. Buluku lawo lili ndi ulusi wambiri mkati. Tcheni chikalikhudza, ulusiwo umakokeka nkutsamwitsa makina asanafike pa mnofu.

Mtengo supola ngati munthu

Apa ndiye pagona phunziro lathu, timvetsetse bwino.

Ife tikadzitema, mnofu watsopano umamera pomwepo, bala nkupola. Mtengo sutero. Pamene pavulala pavulala basi. Chimene mtengo umachita ndi kutsekera malo owonongekawo kuti kuola kusafalikire mkati, kenaka nkumeretsa khungwa ndi mtengo watsopano pamwamba pake, pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Amene anazifotokoza bwino zimenezi ndi Alex Shigo, wa ku America, amene anang'amba mitengo masauzande ambiri kuti aone mkati mwake. Mu 1977 anasindikiza zimene anapeza, ndipo kuchokera nthawi imeneyo kadulidwe ka nthambi kanasintha m'maiko ambiri.

Tayang'anani pamene nthambi yatulukira pa thunthu. Muona potupa pozungulira, ngati khosi. Pamwamba pake pali kamzere ka khungwa lokwinyika. Khosi limeneli ndi la thunthu, si la nthambi, ndipo ndi pomwe pali mphamvu yotseka bala. Mukadula mofanana ndi thunthu, kuti paoneke posalala, mwachotsa khosi, bala lakula, kuola kwapeza khomo. Mukasiya chitsa chachitali, khungwa silingachikwirire, chimauma, chimaola, chiswe chimalowera pomwepo. Malo oyenera ndi kunja kwa khosi, pafupi nalo, osalikhudza. Mukadula bwino, chaka chamawa mudzaona mkombero wa khungwa latsopano wazungulira bala lonse.

Kale anthu ankapaka phula kapena penti pa bala. Kafukufuku anaonetsa kuti zimenezi siziletsa kuola, ndipo phula limatha kusunga chinyezi mkati. Bala lodulidwa pamalo pake ndi sowo yakuthwa limadzisamala lokha.

Kucheka katatu

Nthambi yaikulu sadula kamodzi. Kachidutswa ka nthambi yaiwisi kotalika mamita 2, konenepa masentimita 20, kamatha kulemera makilogalamu 50 kapena kuposa, ngati thumba la chimanga. Kulemera kumeneko ndi kumene kumang'amba khungwa. Choncho timacheka katatu.

1. Yezani masentimita ngati 30 kuchokera pa thunthu. Chekani kunsi kwa nthambi, kukweza m'mwamba, mpaka gawo limodzi la magawo atatu. Mukapitirira, nthambi ipana sowo.

2. Sunthani pang'ono kuloza kunsonga, ngati zala zitatu. Chekani kuchokera pamwamba mpaka nthambi itagwa. Khungwa likayamba kung'ambika likaima pamene munacheka poyamba paja.

3. Chatsala ndi chitsa chopepuka. Chigwireni ndi dzanja limodzi, muchicheke kunja kwa khosi.

Chikwanje, chimene ena amati katana, ndi chabwino kutchire ndi podula nthambi zimene zagwa kale. Pa mtengo wa zipatso chimasiya bala lophwanyika losunga madzi. Ngati pamudzi palibe sowo, gulu la alimi lingasonkhe nkugula imodzi yomabwerekana.

Tichotse ziti, ndipo liti?

Yambani ndi nthambi zouma, zodwala ndi zothyoka. Kenaka zimene zikukhulana, ndi zimene zikukulira mkati nkumatchinga dzuwa ndi mphepo. Masamba ndiwo amapangira mtengo chakudya, tsono musachotse oposa gawo limodzi la magawo anayi pa chaka chimodzi. Mtengo wakale wofunika kuchepetsa kwambiri, igaweni nchitoyo pa zaka ziwiri kapena zitatu. Mukadula mutu wonse pa tsiku limodzi, mtengo umatulutsa mphukira zambirimbiri zimene zimangogwira pamwamba pa bala. Zikakula zimathyoka msanga ndi mphepo.

Mango timasadza tikangotha kukolola, kuti apeze nthawi yophuka asanachite maluwa. Mapichesi, aja a ku Angónia ndi Tsangano, timasadza nthawi yozizira, mu Juni kapena Julaye, masamba atayoyoka. Mukadula nthambi yodwala, tsukani sowo musanapite pa mtengo wina. Sakanizani gawo limodzi la jiki ndi magawo 9 a madzi, muviike sowo, mupukute, mupake oyilo kuti isachite dzimbiri. Nthambi zodwalazo zichotseni m'munda, muzitenthe.

Alimi a kaju, amene ena amati mbibu, ku Nampula amaidziwa bwino nkhaniyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dziko lathu la Mozambique ndilo linkatsogola pa dziko lonse pokolola kaju. Pambuyo pake zokolola zinatsika kwambiri pa zifukwa zingapo, ndipo zina mwa izo ndi kukalamba kwa mitengo, kusasamalidwa kwake, ndi nthenda ya oidio, imene imaoneka ngati ufa woyera pa maluwa ndi masamba anthete. Nthendayi imabisala m'mphukira za mkati mwa mtengo, mumthunzi. Nchifukwa chake alangizi amati mlimi asadze kaye mitengo akatha kukolola, mankhwala abwere pambuyo.

Koma nchito yopepuka kuposa zonse ndi ya pa mtengo waung'ono. Akulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Nthambi imene lero mungaidule ndi kampeni mutaima pansi, pakapita zaka 10 idzafuna chingwe, sowo ndi anthu atatu.

Zoopsa za nchito iyi

Choopsa choyamba ndi kugwa. Osakwera mvula ikugwa kapena khungwa lili lonyowa. Osakwera kukuomba mphepo. Osakwera utamwa mowa, ngakhale pang'ono. Osaponda nthambi youma. Makwerero aimikidwe motere: pa mamita 4 okwera m'mwamba, miyendo yake italikire mita imodzi kuchokera pa thunthu. Amangirireni ku mtengo, ndipo mnzanu awagwire. Osacheka ndi motosera uli pa makwerero. Ngakhale ophunzira nchitoyi amakana zimenezo.

Chachiwiri ndi kugweredwa. Wam'mwamba asanagwetse kanthu afuule, ndipo adikire wapansi ayankhe. Pogwetsa mtengo wonse, anthu ena onse atalikire kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Wodula akonzeretu kothawira, asese njira yake.

Chachitatu ndi magetsi. Mtengo wauwisi umadutsa magetsi. Nthambi ikakhudza waya, amene waigwira angafe pomwepo. Mtengo uli pafupi ndi mawaya si wathu kudula. Kauzeni a EDM, kampani ya magetsi, abwere azimitse kaye.

Chachinayi ndi mitengo yogwa ndi namondwe. Usiku wa pa 14 Marichi 2019 namondwe Idai anafika pafupi ndi Beira, ndipo mu Marichi 2023 Freddy anaomba Quelimane. Mitengo yambiri inagwera m'misewu, pa nyumba ndi pa mawaya. Mtengo wotere umaoneka ngati wagona phee, koma nthambi zake zapanikizika ngati uta wokoka. Mukacheka mbali yolakwika zimafwamphuka nkukumenyani, kapena thunthu limagubuduka. Mizu yozuka ija nayo imatha kubwerera m'dzenje mwake thunthu likangoduka, tsono ana asasewere m'menemo. Yambirani kunsonga, muzichotsa pang'onopang'ono, mukuyang'ana kumene kulemera kwatsamira.

Dokotala weniweni wa mitengo amadziwa pokana. Ifenso tidziwe malire athu. Nthambi imene tingaifikire titaima pansi, kapena ndi sowo ya pa ndodo, ndi yathu. Mtengo wautali, wamphako, wopendekera nyumba kapena wa pafupi ndi magetsi, ufuna anthu a zingwe ndi odziwa nchito yake.

Mafunso okambirana

1. Kodi dokotala wa mitengo amayang'ana chiyani asanakwere? Tchulani zinthu zinayi.
2. Chifukwa chiyani sitidula nthambi mofanana ndi thunthu?
3. Kucheka koyamba, kwa kunsi kuja, kumathandiza chiyani?
4. M'mudzi mwathu muno, ndi mitengo iti imene ingagwere nyumba kapena njira mvula ikayamba? Tichitepo chiyani?

Tilembe

Kopani ziganizo izi m'makope mwanu:

Ndicheka katatu.
Sindidula khosi la nthambi.
Sindikwera mtengo ndili ndekha.

Tiwerengere

1. Mtengo ndi wautali mamita 12. Pougwetsa, anthu atalikire mamita angati?
2. Mtengo uli ndi nthambi 20 zofanana kukula. Tingachotse zosaposa zingati chaka chino?
3. Tili ndi kapu imodzi ya jiki. Tithire makapu angati a madzi?

Nchito ya sabata ino

Tigawane m'magulu a anthu atatu. Gulu lililonse lipeze mtengo umene unadulidwa nthambi kale, liyang'ane mabala ake. Werengani amene atsekeka ndi mkombero wa khungwa, muwerengenso amene aola. Lembani manambala onse awiri. Kenaka aliyense aloze ndi chala khosi la nthambi imodzi, anzake avomereze. Tikakumananso tibwere ndi sowo, tidzayese kucheka katatu pa nthambi yapansi, tonse titaima pansi.