Phunziro: Mawaya a Magetsi Kuno Kwathu ndi M'maiko Ena

Pamene ndondomeko ya MAREP ikufikitsa magetsi m'madera akumidzi, mabanja ambiri m'mawodi athu ayamba kuika mawaya m'nyumba zawo. Ena mwa inu muli ndi ana kapena abale ku Joni, ku Britain ngakhalenso ku America, omwe amatumiza zipangizo pamodzi ndi malangizo akuti "kuno timachita chonchi". Malangizowo ndi oona kumene iwo ali. Vuto limabwera pamene njira za maiko atatu zakumana m'khoma limodzi.

Tiyambe ndi paipi yodutsamo mawaya, imene amisiri amaitcha kondiyuti. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa, choncho mmisiri amagoba khoma, n'kuikamo paipi ya pulasitiki, kawirikawiri ya mamilimita 20, pulasitala asanamatidwe. Mawaya amakokedwa pambuyo pake. Ubwino wake ndi woti waya akaonongeka amasololedwa n'kulowetsamo wina popanda kuswa khoma. Ku South Africa amachitanso chimodzimodzi m'nyumba za njerwa. Ku America nyumba zochuluka ndi za matabwa, ndipo nthambo yokutidwa kale ndi pulasitiki imangodutsa m'mabowo obooledwa m'matabwamo, popanda paipi. Komabe mzinda wa Chicago umalamula mapaipi achitsulo ngakhale m'nyumba zogonamo. Tsono munthu akaonera kanema wa ku America pa YouTube n'kuganiza kuti paipi ndi kuononga ndalama, waiwala kuti khoma lake ndi losiyana. Waya womatidwa m'simenti wopanda paipi, msomali wopachikira chithunzi ukhoza kumuboola, ndipo kusiling'i makoswe amamutafuna.

Nkhani ya mitundu ya mawaya ndi imene ikufunika chidwi chachikulu, chifukwa apa ndi pamene munthu angataye moyo. Pa njira yakale ya ku Britain, imene ikupezeka m'nyumba zambiri kuno, waya wofiira ndiye wamoto, wakuda ndiye wobweza magetsi. Ku South Africa mawaya a m'khoma akutsatabe mitundu imeneyi. Koma dziko la Britain linasintha pakati pa 2004 ndi 2006: wamoto tsopano ndi wabulauni, wobweza ndi wabuluu, ndipo wopita m'nthaka ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. Ku America n'kosiyananso: wakuda ndiye wamoto, woyera ndiye wobweza. Taonani tsono, waya wakuda yemwe mmisiri wozolowera njira yakale angamuyese wofatsa, kwina ndi amene amanyamula imfa. Pa chifukwa ichi mmisiri wodziwa ntchito sakhulupirira mtundu wokha. Amazimitsa magetsi pa bokosi logawira, kenaka amayeza waya aliyense asanamugwire.

Mapulagi nawo ali ndi mbiri yake. Yathu ya mano atatu a makona inayamba ku Britain mu 1947, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, pamene kopa anali wosowa. Pofuna kusunga kopa, akatswiri anakonza zoti masoketi ambiri azilumikizidwa pa waya mmodzi wozungulira nyumba n'kubwereranso ku bokosi, wotetezedwa ndi fyuzi ya maampu 30, kapena masiku ano buleka ya maampu 32. Mphamvu yotereyi njochuluka kuposa imene kanthambo ka wailesi kapena ka ayironi kangapirire. Ndiye chifukwa chake pulagi iliyonse ili ndi kafyuzi kake m'kati, nthawi zambiri ka maampu 3 kapena 13, koti kaduke nthamboyo isanayake. Pulagi ya ku South Africa ya mano akuluakulu obulungira ilibe fyuzi, popeza kumeneko masoketi amatetezedwa ndi mabuleka ocheperapo. Munthu akadula pulagi ya ketulo yochokera ku Joni n'kusomeka mawaya osavala m'soketi mopanikiza ndi timitengo ta machesi, mchitidwe umene tonse tauonapo m'malo ogulitsira malonda, wasiya nthamboyo yopanda fyuzi yoiteteza. Pulagi yathu ya fyuzi njotsika mtengo poyerekeza ndi denga.

Za ku America n'zachidule. Kumeneko masoketi amapereka mavoti 120, pamene kuno ndi 230. Werengani kachikwangwani ka pa chipangizo: ngati palembedwa 100-240V, monga pa machaja ambiri a foni ndi kompyuta, chigwira ntchito. Ngati palembedwa 120V pokha, chipsa nthawi yomweyo.

Pali zinthu ziwiri za ku South Africa zomwe ineyo ndimasirira. Choyamba, masoketi a m'nyumba amayenera kudutsa pa kachipangizo kamene kamadula magetsi kakangozindikira kuti pang'ono chabe, mamiliampu 30, akuthawira kwina, mwina kudzera m'thupi la mwana wogwira furiji ndi manja onyowa. Chachiwiri, nyumba ikamagulitsidwa pamafunika chikalata chotsimikiza kuti mawaya ake ali bwino. Palibe choletsa mwini nyumba kuno kupempha mmisiri wake kuti amuikire kachipangizo kotere m'bokosi logawira.

Musanalembe mmisiri, mufunseni akuonetseni chilolezo chochokera ku bungwe la MERA, lomwe limayang'anira za mphamvu ya magetsi m'dziko muno. Gwirizanani za kukula kwa mawaya ntchito isanayambe: kawirikawiri 1.5mm² ndi wa mababu, 2.5mm² wa masoketi, ndipo kuka imafuna wokulirapo, monga 6mm², pa mzere wakewake. Onetsetsani kuti ndodo ya earth yakhomedwa m'nthaka ndipo yalumikizidwadi. Pulasitala asanamatidwe, jambulani makoma onse ndi foni, kuti tsiku lodzakhoma shelefu mudzadziwe momwe mapaipi anadutsa. Akatha, mmisiriyo ayeze ntchito yake yonse inu mukuona, musanapite ku ESCOM kukapempha kuti akulumikizireni.