Kumanga nyumba ya chitukuko yogwirizana ndi mudzi

Mudzi ukapeza ndalama zomangira holo, sukulu ya mkombaphala kapena sikelo ya ana, kawirikawiri chimene chimatuluka ndi chinyumba chachitali cha malata onyezimira, mitengo yonse yozungulira itadulidwa, pambali pali dzenje loumbira njerwa limene lasanduka moswanirana udzudzu. Ikafika October anthu amathawamo n'kukachitira msonkhano pansi pa mango. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa zambiri zofunika pomanga nyumba yozizira ndi yolimba zili pamudzi pomwepo.

Musanaitane mmisiri, yenderani malo. Pitani ndi amfumu, akomiti ya VDC, ndiponso amayi achikulire amene amalima chapafupi, pakuti iwo ndi amene amadziwa modutsa madzi mvula ikagwa yamkuntho. Pewani dambo, m'mphepete mwa mtsinje ndi m'tsinde mwa phiri limene linatha mitengo. Namondwe wa Freddy, mu March 2023, anationetsa ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe zimene matope ndi miyala yotsika m'phiri imachita. Malo akapezeka, amfumu ndi eni malo alembe ndi kusainirana, kuti mawa pasadzatuluke mdzukulu wonena kuti munda ndi wa agogo ake. Mukapeza mkuyu, kachere kapena mango pamalopo, musadule. Sunthani nyumbayo pang'ono, mtengowo ukhale bwalo lake.

Pokhoma zikhomo, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi ndiwo alandire dzuwa la m'mawa ndi la madzulo. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo izidutsa. Ndipo musathamangire chinyumba chimodzi chachikulu. Pachipatala cha boma cha Kasungu pali nyumba zodikirira amayi oyembekezera zimene bungwe la MASS Design Group linamaliza mu 2015. Anamanga tinyumba tingapo ta njerwa za dothi toyandikana, ta madenga otambalala, pakati pake pali mabwalo ochezerapo monga zimakhalira pakhomo. Inunso mungathe kumanga chipinda cha misonkhano, khitchini ndi mosungira katundu paderapadera mozungulira bwalo. Ndalama zikachepa mumamaliza kamodzi n'kuyamba kukagwiritsa ntchito.

Nkhani yaikulu ndi ya makoma. Kuyambira 2018, malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, chifukwa mauvuni atha mitengo yathu. Njira yabwino kumudzi ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pa makina a manja, zimene amisiri amazitchula kuti SSB. Chimene mukuchita pamenepa ndi kulimbitsa luso lakale la mdindo ndi zidina.

Yesani dothi kaye. Kumbani kupitirira dothi lakuda lapamwamba, limene ndi la kumunda. Thirani dothi la pansilo m'botolo loonekera mkati kufika theka, dzazani ndi madzi, ponyanimo kamchere, khutchumulani kwambiri, n'kulisiya usiku wonse. Mmawa mudzapeza mchenga uli pansi, dongo lili pamwamba. Dothi labwino mchenga umaposa theka, dongo silipitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Katondo nthawi zambiri amachita bwino. Makande amang'aluka akauma, musavutike nawo. Sefani dothilo, ndipo pa ndowa 15 za dothi thirani ndowa imodzi ya simenti, kapena cha pamenepo malinga ndi dothi lanu. Madzi akhale ochepa zedi. Fumbatani dothi m'manja n'kuligwetsa pansi: likasweka zidutswa zochepa ndiye kuti lakwana, likaphwathalala madzi achuluka, likamwazika ngati ufa achepa. Njerwa zikatuluka, ziikeni pamthunzi, zifunditseni pulasitiki kapena udzu, muzizithirira mmawa ndi madzulo kwa sabata ziwiri, ndipo musamangire masiku 28 asanakwane. Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaziyanika padzuwa ngati zidina, zikafumbutuka amati njerwa za dothi n'zachabe.

Mdani wa khoma la dothi ndi madzi, ochokera pansi ndi ochokera kumwamba. Choncho pa maziko musaumire. Mangani ndi miyala ndi simenti, akwere masentimita 30 pamwamba pa nthaka, kapena kuposerapo kumene madzi amasefukira. Yalani pulasitiki yakuda yokhuthala pamwamba pa maziko musanayale njerwa yoyamba. Zitsa ndi mizu zonse zichoke, kuopa chiswe.

Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita osachepera 60, ndipo mbali imene mvula imamenya kwambiri ikani khonde lalikulu. Khonde ndi limene limapangitsa nyumba kuoneka yakwathu, ndipo amayi odikira sikelo amakhala pomwepo. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Mitengo ya denga imangiriridwe ndi waya wokhuthala wochokera m'lintala yozungulira nyumba yonse. Mukasankha udzu, pezani wofolera wodziwa ntchito yake, denga likhale lotsetsereka madigiri 45 kuti madzi asaime, ndipo khitchini italikire. Mukasankha malata, gulani opaka utoto wobiriwira kapena wofiirira, ndipo pansi pake yalani siling'i ya mphasa kapena nsungwi. Siyani mpata pakati pa malata ndi siling'i kuti mpweya wotentha uzituluka. Francis Kéré anachita zotere pa sukulu ya kwawo ku Gando, m'dziko la Burkina Faso, mu 2001, ndi njerwa za dothi zomwezi, ndipo mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker.

Njerwa zoumbidwa bwino sizifuna pulasitala kunja. Zisiyeni zioneke mtundu wa dothi la pamalopo. M'kati pakani laimu kuti muziwala.

Pa malata ikani magatala ndi thanki. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi, kotero denga la masikweya mita 100 kudera lolandira mamilimita 800 pachaka limatsitsa malita 80,000. Madzi osefukira muwalondolere ku dzenje lija munakumba dothi, mutalikwirira pang'ono n'kubzalamo nthochi. Chimbudzi chitalikire mjigo kapena chitsime ndi mamita 30, chikhale chakumunsi. Bzalani vetiva m'malire motsetsereka, ndi mitengo ya mbawa ndi zipatso patali ndi maziko.

Tsiku lotsegulira lisanafike, sankhani anthu oyang'anira nyumbayo, ndipo mugwirizane ndalama imene obwereka holo pa ukwati kapena pa msonkhano azipereka. Chaka chilichonse mu September anthuwo ayendere denga, achotse zinyalala m'magatala, agumule njira za chiswe ndi kumata ming'alu mvula isanayambe.