Uthenga wa Maliro pa WhatsApp

Funso: Achimwene anga adamwalira ku Johannesburg, ndipo mayi athu okalamba adamva za imfayo kwa kamwana kamene kadaona chithunzi pa WhatsApp. Kodi intaneti yathetsa mwambo wathu wonena maliro? Wowerenga, Dedza.

Yankho: Pepani ndithu, bambo, pakuti bala lotere silipola msanga. Makolo athu, podziwa kuti uthenga wa imfa ndi katundu wolemera wosayenera kusenzetsa aliyense, ankayamba kudziwitsa mwini mbumba ndi amfumu, ndipo amfumu akalola m'pamene amithenga ankatumidwa m'midzi. Akafika kwa nkhalamba, mthengayo ankayamba wakhala pansi, nanena mozungulira kuti matenda akula, kufikira mtima wa wofedwayo utakonzeka kulandira choonadi. Chimenechi chidali chifundo chenicheni, ndipo lamya ilibe chifundo chotero, chifukwa imapatsa mayi wobala ndi munthu wodutsa mawu amodzimodzi pa mphindi imodzi.

Komabe sindinganyoze chipangizochi, popeza magulu a WhatsApp ndiwo amasonkhetsa ndalama zonyamulira thupi kuchokera ku Joni, ndipo chipepeso chimafika pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, pamene kale kalata inkapeza manda atauma. Koma kuthamanga si kufika. Choncho panganani pabanja panu kuti zovuta zikagwa, woyamba kumva aimbire mwini mbumba yekha, iyeyo atume munthu wamkulu kwa mayi ndi kwa amfumu, ndipo chithunzi cha malemu chisaikidwe pagulu lililonse kufikira mwini mbumbayo atalola.