Ngongole ya Sukulu ya Udokotala: Zoti Mudziwe Musanasayine

Amene mwasankhidwa kukaphunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences mudzakhala pasukulu nthawi yaitali kuposa anzanu ambiri. Digiri ya MBBS imatenga zaka 5, ndipo wochokera ku Folomu 4 amayamba ndi chaka chokonzekera. Ngati chaka chilichonse mukutenga ngongole, nayonso ikukula zaka zonsezo.

Ngongole ya boma imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe ophunzira amangoti Loans Board. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015 kuti lizithandiza ophunzira osowa, komanso lizitolera ndalama kwa omwe anakongola kale. Kusankhidwa kupita ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongole mwapeza. Mumafunsira, bungwe limaunika mmene zinthu zilili kwanu, ndipo ena amakanidwa.

Polemba fomu nenani zoona zokhazokha. Dzina lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo, chifukwa "Chikondi" pena ndi "Chikonde" pena zikhoza kuchedwetsa ndalama zanu. Musaganizenso kuti kupeza chaka choyamba ndiye basi mpaka kumaliza: tcherani khutu chaka chilichonse bungwe likalengeza nthawi yofunsira. Masabata amene muli otanganidwa m'mawodi ndi omwe tsiku lotsekera limadutsa osaliona.

Dzina likatuluka, pamatsala kusayina mgwirizano. Apa ambiri amathamanga, maso ali pa ndalama. Werengani kaye. Fufuzani kuti ndalama ya fizi ndi ingati, ya mabuku ndi yodyera ndi ingati, chiwongoladzanja chikuwerengedwa motani ndiponso chikuyamba liti. Ya fizi imapita kusukulu, simuigwira m'manja, koma ndi ngongole yanu ndithu. Jambulani pepala lililonse lomwe mwasayina, lina musunge kunyumba. Ngati achibale angathe kukuthandizani mbali ina, musakongole yonse chifukwa choti ilipo.

Mukakanidwa muli ndi pokadandaula. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna zanu, muyenera kupatsidwa zifukwa zake polemba. Lembani kalata yopempha zifukwazo ndi kuti akuunikeninso, muphatikize umboni: kalata ya imfa ya kholo, kapena yosonyeza kuti wokulipirirani ntchito inamuthera. Mukaona kuti simunachitiridwe chilungamo, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere. Koma katapira ndiye ayi. Wophunzira amene sadzalandira malipiro kwa zaka zingapo alibe pogwira pobweza ndalama yobereka mwezi ndi mwezi. Bola kukaonana ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pasukulupo.

Tsono nkhani yobweza, yomwe madokotala ayenera kuimvetsa kuposa wina aliyense. Ngongoleyi imayamba kubwezedwa pakatha zaka 2 chimalizireni maphunziro. Kwa ena zaka ziwirizo ndi mpata wopuma. Kwa inu ayi, chifukwa musanalembetsedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi mumayenera kugwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 pa zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Onjezerani miyezi yodikira kuti akutumizeni kuchipatalako, mupeza kuti nthawi yatha musanakhazikike n'komwe pa ntchito. Ine ndimaona kuti ndi nzeru kuyamba kuponyako kangachepe mukadali pa miyezi 18 ija, nthawi imene lendi ndi fizi ya azing'ono anu zisanakuunjikireni.

Mukalembedwa ntchito, auzeni abwana kuti muli ndi ngongoleyi. Lamulo limawalamula kudula pa malipiro anu ndi kutumiza ndalamazo ku bungwe. Kudulidwa kokha si umboni woti ndalama yafika, choncho sungani mapepala a malipiro, ndipo kamodzi pachaka pemphani bungwe likupatseni chikalata chosonyeza zomwe mwabweza ndi zomwe zatsala. Ziwerengero zikasiyana, lembani kalata msanga mapepala akadali pafupi. Amene mwatsegula kiliniki yanu kapena mwapita kukachita ukatswiri ku South Africa kapena ku Britain, palibe wokudulirani. Pitani nokha mukagwirizane za kabwezedwe musananyamuke.

Musadalire kuti adzaiwala. Bungweli likulondola ngakhale omwe anakongola m'zaka za m'ma 1980, ndipo wozemba dzina lake likhoza kuperekedwa ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, komwe mabanki amafunsa asanabwereke munthu ndalama ya nyumba kapena galimoto. Mukamaliza kubweza, musachoke opanda kalata yotsimikiza kuti mulibenso ngongole.